CHITSEKO CHA MAKINA OCHAPIRA ZOVALA CHIKAVUTA

Kuyambira pamene magetsi anafika m'malo a malonda a m'boma la Karonga, monga ku Chilumba, ku Nyungwe ndi ku Kaporo, mabanja ena ayamba kugula makina ochapira zovala. Ena agula m'masitolo a ku Mzuzu, ena abwera nawo kuchokera ku Tanzania podzera pa chipata cha Songwe, ndipo ena awalandira kwa abale awo ogwira ntchito ku Johannesburg. Makinawa ndi a ndalama zambiri, ndipo amisiri owadziwa bwino sapezeka msanga kumidzi. Chifukwa chake nkofunika kuti mwini makina adziwe zimene angakonze yekha, ndi zimene ayenera kusiyira mmisiri.

Chovuta chimene chisautsa anthu kawirikawiri ndi cha chitseko. Nthawi zina makina akana kuyamba ngakhale chitseko chatsekedwa. Nthawi zina chitseko chikana kutseguka, zovala za ana a sukulu zili m'kati. Pamenepo ambiri apsa mtima, nakoka chogwirira mwamphamvu kufikira chithyoka. Motero chovuta chimene chikadatha popanda kulipira kanthu chisanduka chodya ndalama.

CHIFUKWA CHAKE CHITSEKO CHIKHOMEKA

Mawu awa akunena za makina a chitseko chagalasi chakutsogolo. Makina a migolo iwiri, otsegulira pamwamba, alibe loko wotere.

Pofinya zovala mgolo wa makina uzungulira kokwana 1,000 kapena 1,200 pa mphindi imodzi, ndipo madzi ake angathe kutentha kufikira madigiri 60, pena 90. Chitseko chitatseguka pa nthawi yotere, dzanja la munthu lingathyoke ndipo mwana woima pafupi angapse. Nchifukwa chake opanga makina anaikamo loko wa magetsi.

M'kati mwa loko muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zophatikizana. Magetsi akalowa, kachitsuloko katentha ndi kupinda, ndipo kakankha kampiringidzo kamene kagwira chitseko. Ntchito ikatha, kachitsuloko kayenera kuzizira kaye kuti kawongoke, ndipo kutero kutenga mphindi 2 kapena 3. Makina ena atsopano ali ndi loko wa maginito amene atseguka msanga, koma magetsi akazima pakati pa ntchito, loko wotere angakhale chikhomere kufikira magetsi atabweranso.

Ndiponso makina ali ndi kachipangizo koyesa madzi a mu mgolo. Madzi akatsalamo, makina salola chitseko kutseguka, ngakhale loko ali bwinobwino.

ZILEMBO ZIMENE MAKINA AONETSA

Makina ambiri anena vuto lawo ndi zilembo zowala kutsogolo. Pa makina a LG, zilembo dE zitanthauza kuti chitseko sichinakhomeke, ndipo OE zitanthauza kuti madzi akanika kutuluka. Pa makina a Samsung, za chitseko ndi dC kapena dE, ndipo za madzi ndi 5C kapena 5E. Zilembo CL si vuto ayi: zionetsa kuti mabatani atsekedwa kuti ana asawaseweretse. Mitundu ina ili ndi zilembo zakezake, ndipo zonse zalembedwa m'kabuku kobwera ndi makina. Kabukuko kasungidwe pamalo pouma.

MAKINA AKAKANA KUYAMBA

Poyamba mwini makina atsegule chitseko, ayang'ane mphira wozungulira pakhomo. Kawirikawiri nsonga ya chitenje kapena sokosi ipanika pamenepo, ndipo chitseko sichifika pamalo pake.

Chachiwiri aone kuchuluka kwa zovala. Makina olembedwa makilogalamu 7 sayenera kulandira zovala zouma zoposa pamenepo. Mabulangete awiri okanikizidwa pamodzi akankha chitseko kuchokera m'kati.

Chachitatu apukute kabowo kamene kangowe ka chitseko kalowamo, atazula kaye pulagi. Mchenga wa kunyanja, fumbi ndi sopo wouma ziunjikana m'menemo. Kansalu kouma kapena mswachi wakale zikwanira; asathiremo madzi kapena mafuta.

Chachinayi anyamule chitseko pang'ono ndi dzanja. Ngati chigwedera, ndiye kuti misomali yopota ya pa mahinji yamasuka, ndipo iyenera kumangidwa. Makina oima pamalo opendekeka agwedezeka kwambiri, ndipo kugwedezekako ndiko kumasula misomaliyo.

Zonsezi zitachitika, asiye pulagi yozula mphindi 5, aibwezere, nakankhe chitseko kufikira chimveke kuti chagwira.

CHITSEKO CHIKAKANA KUTSEGUKA

Mankhwala oyamba ndiwo kudikira. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwini makina awazime, adikire mphindi 5, ndipo pambuyo pake ayese chogwirira mofatsa.

Chikakanabe, asuzumire pa galasi. Ngati muli madzi, ayatse makina nasankhe pamene palembedwa Spin kapena Drain, kuti pampu iwapope. Ngati pampu ingolira koma madzi osatuluka, aone paipi yotayira madzi kumbuyo, kuti mwina yapindika kapena yatsekeka. Paipi ikakhala bwino, ndiye kuti kasefa katsekeka, ndipo achite motere:

1. Azule pulagi. Manja akhale ouma, ndipo asaime pa madzi wopanda nsapato.

2. Ngati anachapa ndi madzi otentha, adikire ola limodzi kuti azizire.

3. Atsegule kachivundikiro ka m'munsi kutsogolo kwa makina, natchere beseni losaya ndi nsanza.

4. Ngati muli kapaipi kakang'ono, akatulutse, achotse chotsekera chake, madzi atsikire m'beseni. Ngati mulibe, apotokole kasefa pang'onopang'ono kumanzere, ndi kukamanganso beseni likadzaza.

5. Madzi atatha, atulutse kasefa konse nachotse zonyansa. M'menemo mupezeka makobili, mabatani, mapini, mchenga, ngakhale mpunga wotsalira m'matumba a zovala za kumunda.

6. Abwezere kasefa nakamange zolimba, kuti madzi asadonthe.

Makina ena ali ndi kachingwe kapena kachogwirira pafupi ndi kasefa, kotsegulira chitseko magetsi atazima. Kameneka kakokedwe pokhapokha madzi atatha ndipo mgolo utaima.

ZA MAGETSI NDI MVULA

Magetsi a m'nyumba muno m'Malawi ndi a mavoti 230, ndipo agawidwa ndi ESCOM. M'boma la Karonga lomwelo muli malo opangira magetsi pa mtsinje wa Wovwe, amene kuyambira chaka cha 2017 ayang'aniridwa ndi EGENCO. Komabe pa nyengo ya mvula, kuyambira Disembala kufikira Epulo, mphepo ndi ziphaliwali zigwetsa mitengo ndi kuzimitsa magetsi. Pobweranso, magetsi angadze ndi mphamvu yopitirira muyeso, ndipo atentha loko kapena ubongo wa makina. Tsono magetsi akazima, pulagi izulidwe, ndipo ibwezedwe magetsi atakhazikika. Kachipangizo kotetezera, konga kamene anthu aika pa firiji, kathandizanso, malinga kakhale ka mphamvu yokwanira makinawo.

Anthu okhala m'zigwa, monga m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, adziwa bwino za madzi osefukira. Makina amene analowedwa madzi asayatsidwe kufikira atauma ndipo mmisiri atawaona.

NTHAWI YOITANA MMISIRI

Mmisiri aitanidwe ngati pamveka fungo la chinthu chopserera, ngati chogwirira chathyoka, kapena ngati zilembo za chitseko zibweranso zonse zija zitayesedwa. Loko ndi kachipangizo kakang'ono komangidwa ndi misomali yopota iwiri, ndipo kusintha iye yekha sikudya ndalama zambiri ngati kugula chitseko chonse. Potuma munthu kukagula loko, mwini makina alembe dzina la makina ndi nambala yake, imene ipezeka pa kapepala komatidwa pakhomo la mgolo kapena kumbuyo, pakuti maloko asiyana.

Pali amisiri ena amene angolumikiza mawaya kuti makina aziyenda popanda loko. Mwini makina akane zimenezi ndithu, ngakhale zioneke zotsika mtengo, pakuti makina otere angazungulire chitseko chili chotsegula. Ndiponso munthu asalowetse mpeni kapena chitsulo pa chitseko: galasi lingasweke ndipo mphira angang'ambike.

Potsiriza, makolo asamale ana. Nkwabwino kusiya chitseko chotsegula pang'ono pambuyo pochapa kuti mu mgolo muume, koma mwana wamng'ono angathe kukwawiramo. Chipinda cha makina chitsekedwe, ndipo munthu asanayatse makina ayambe wayang'ana m'kati. Banja limene lipisa m'matumba lisanachape, litsuka kasefa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndi kudikira mphindi zochepa lisanakoke chitseko, lidzasunga makina ake zaka zambiri.