Filimu ya Gone Girl idagawanitsa oonera

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawuwa adapherezera pa banja la Nick ndi Amy Dunne mufilimu ya Gone Girl, yomwe idatuluka ku America mu 2014 kuchokera m'buku la Gillian Flynn la mu 2012.

Mufilimuyi Amy akusowa tsiku lomwe akwanitsa zaka 5 ali pabanja. Apolisi, atolankhani ndi anansi onse akuloza chala mwamuna wake, osadziwa kuti mayiyo wakonza yekha chiwembucho pofuna kumukhaulitsa chifukwa cha chibwenzi chamseri.

Apa mpomwe oonera adagawikana. Ena adayamikira luso la Rosamund Pike, yemwe adasewera ngati Amy mpaka kupikisana nawo pa mphotho ya Oscar. Ena adadandaula kuti nkhani ya mkazi wonamizira amuna nkhanza ingachititse kuti amayi ozunzidwadi asamakhulupiriridwe akakadandaula.

Mathero ake ndiwo adasiya ambiri kukamwa kuli yasa. Amy akubwerera kwawo atapha munthu, koma Nick, ngakhale akudziwa zonse, sakumusiya poti mkaziyo ndi woyembekezera.

Kodi ndi mabanja angati omwe akungopirirana chifukwa cha mwana?