MASEWERA A NKHONDO NDI MUNTHU WOKHALA PAKATI

Ndikhulupirira kuti palibe mmodzi mwa inu amene sanaimepo madzulo pambali pa anthu osewera nsolo, nawaona alikuseka ndi kunyodolana mwacibale. Kapena munaonanso tsiku lina masewerawo alikutha ndi ndeu, cifukwa wina anasuntha mwala mnzace atayang'ana kumbali, ndipo panalibe munthu wakuti aweruze mlanduwo. Usiku uno ndifuna kukamba za masewera ena amene anayambira ku Ulaya, ochedwa masewera a nkhondo, ndiponso za munthu mmodzi amene popanda iye masewerawo sakhalitsa: ndiye wokhala pakati, amene asunga mtendere ndi kulandira alendo.

Masewerawo ali otani?

Taganizani tebulo lalikulu, mafiti 6 m'litali ndi mafiti 4 m'mimba mwace. Pa tebulopo aikapo timapiri, timitsinje, timitengo ndi tinyumba, kuti paoneke monga dziko lenileni. Osewera ali awiri, kapena magulu awiri, ndipo yense ali ndi gulu lace la tiasilikali tating'ono, ta citsulo kapena ta pulasitiki, tosaposa cala ca munthu, timene iye mwini anatipaka utoto ndi manja ace kwa masabata kapena miyezi. Buku la malamulo linena kuti msilikali wa pansi ayenda mainchesi angati pa nthawi imodzi, wa pa kavalo angati, ndiponso kuti mzinga ufika kutali bwanji. Magulu akakomana, osewera aponya madaisi kuti aone amene agwa ndi amene atsala. Masewera amodzi akhoza kutenga maora awiri kapena atatu. Si njuga ai, pakuti cimene alimbirana ndico nzeru ndi ulemu, osati ndalama.

Kumene anayambira

M'caka ca 1812, m'dziko la Prussia, limene lero liri mbali ya Germany ndi maiko oyandikana nalo, munthu wina dzina lace Georg Leopold von Reisswitz anapereka kwa mfumu Friedrich Wilhelm III tebulo la masewera otere. Mwana wace, Georg Heinrich von Reisswitz, amene anali ofisala wa gulu la mizinga, anawakonzanso bwino, nasindikiza malamulo ace m'caka ca 1824. Iye anaseweretsa mapu enieni a dziko, ndipo m'malo mwa asilikali anaika timiyala ta mtobvu, tina tofiira, tina tobiriwira monga thambo. Kusuntha kumodzi kunaimira mphindi ziwiri za nkhondo yeniyeni. Masewerawo anawacha Kriegsspiel, ndiko kunena masewera a nkhondo m'cinenero cao.

Koma cinthu cacikuru cimene mnyamatayo anaikamo cinali munthu wacitatu, woweruza. Osewera sanali kusuntha okha magulu ao. Yense analemba malamulo ace pa pepala, monga acitira mkuru wa nkhondo, napereka pepalalo kwa woweruza. Woweruza yekha ndiye anadziwa zonse za mbali ziwiri, ndipo anauza wosewera ali yense zokhazo zimene asilikali ace akadatha kuona ndi maso ao. Taonani tsono kukula kwace kwa cikhulupiriro cimene anamsenzetsa. Akadatsinzinira diso mbali imodzi, masewera onse akadasanduka cinyengo.

Mkuru wa asilikali, General von Müffling, ataona masewerawo anabvomereza kuti ali sukulu yeniyeni ya nkhondo, ndipo mfumu inalamula kuti magulu onse a asilikali akhale nao. Komatu mbiri ya mwini wace inatha moipa. Amene analemba za moyo wace anena kuti kuchuka kwace kunamdzetsera adani pakati pa anzace. M'caka ca 1826 anamsamutsira ku Torgau, kutali ndi Berlin, ndipo iye anaona ngati ampitikitsa. M'caka ca 1827 anadzipha yekha ndi mfuti. Munthu amene anapatsa anzace woweruza wa pa tebulo anasowa womkhalira pakati m'moyo wace.

Pamene Prussia inagonjetsa France pa nkhondo ya 1870 ndi 1871, maiko ena anayamba kutsanzira masewerawa. Koma malamulo anali ataculuka kwambiri, kotero kuti maofisala ambiri anatopa nao. Cifukwa cace m'caka ca 1876 ofisala wina, Julius von Verdy du Vernois, anaonetsa njira yina: kucepetsa malamulo ndi madaisi, ndi kulola woweruza wodziwa nkhondo kuti adule mirandu ndi nzeru zace. Apa pali phunziro limene magulu a osewera akali kuligwiritsa nchito kufikira lero. Malamulo ambiri sathetsa mikangano. Cimene cithetsa mikangano ndiye munthu amene mbali zonse ziwiri zimkhulupirira.

Kucoka ku kampu kulowa m'nyumba

M'caka ca 1913 mlembi wochuka wa ku England, H. G. Wells, anasindikiza buku lochedwa Little Wars, lophunzitsa anthu wamba kusewera nkhondo pansi m'nyumba kapena pa kapinga, ndi tiasilikali ta ana ndi timizinga toponya timitengo. Wells anali munthu wodana ndi nkhondo, ndipo anati nkwabwino kuti okonda nkhondo amenyane ndi zidole, pakuti pamenepo palibe amasiye kapena midzi yotenthedwa. Caka cotsatira nkhondo yaikuru ya 1914 inayamba. Koma ngakhale munthu wanzeru ameneyu anatseka citseko pang'ono, pakuti pa tsamba loyamba la bukulo anati masewerawo ali a anyamata, ndi a atsikana anzeru okha amene akonda za anyamata. Maganizo otere anakhala m'magulu a osewera zaka zambiri.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, munthu wina wa ku Southampton, Donald Featherstone, amene anamenya nao nkhondoyo m'gulu la akasinja, anasonkhanitsa osewera amene anali obalalika. M'caka ca 1962 anasindikiza buku lochedwa War Games, nayambanso kanyuzi kochedwa Wargamer's Newsletter, kamene kanadziwitsa osewera kuti ali ndi anzao m'mizinda yina. Bwenzi lace Tony Bath anayambitsa bungwe la Society of Ancients m'caka ca 1965, la okonda nkhondo za makedzana, ndipo bungwelo likalipo. Kuyambira masiku amenewo makalabu anaculuka, osonkhana madzulo m'maholo a misonkhano ndi m'masitolo ogulitsa tiasilikali. Tsono nchito ya wokhala pakati inakula. Sanalinso woweruza wa tebulo limodzi lokha, koma wosamala gulu lonse la anthu osiyana misinkhu, nchito ndi mitima.

Mabvuto atatu

Bvuto loyamba ndilo kukangana pa malamulo. M'kalabu iri yonse mupezeka munthu amene aloweza buku lonse pamtima, nafunafuna kampata kakuti apambanire mnzace, ngakhale aona yekha kuti mlembi wa bukulo sanatanthauze comweco. Masewera aima, mau akwera, ndipo anthu a pa matebulo ena aleka kusewera ndi kuyang'ana. Wokhala pakati wanzeru salola mlandu wotere kudya madzulo onse. Amvera mbali ziwiri mwacidule, nagamula. Kapena, ngati buku silinena momveka, auza osewera kuti aponye daisi limodzi, ndipo mau a daisilo agwire nchito kufikira masewera atatha. Mwambo uwu ulembedwa m'mabuku ambiri a malamulo. Mlandu weniweni aukamba pambuyo pace, mitima itazizira, ndipo cimene agwirizana acilemba kuti mawa cisabukenso.

Bvuto laciwiri ndilo la mlendo. Munthu watsopano afika pa khomo, napeza anthu amene adziwana zaka khumi, olankhula mau amene iye sawamva, ali ndi magulu a tiasilikali okongola amene anadya ndalama zambiri. Iye alibe kanthu m'manja, kapena ali ndi tiasilikali tocepa topakidwa utoto mosalongosoka. Akaima pamenepo mphindi khumi popanda womlonjera, abwerera kwao, ndipo sadzabweranso. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Cifukwa cace makalabu abwino asankha munthu wakuti aziyang'ana ku khomo, asunga gulu la tiasilikali lobwereketsa, ndipo apatsa mlendoyo mnzace woleza mtima wosewera naye masewera ace oyamba, amene amlola kubweza dzanja akalakwitsa, namfotokozera cifukwa cace wagonja. Katswiri amene aphwanya wophunzira m'mphindi makumi awiri apambana masewera amodzi, koma kalabu yataya munthu. Ndiponso mlendo akafunsa funso limene ena analiyankha kale kazana, ayenera kuliyankhanso mokondwa, pakuti kwa iye funsolo liri latsopano. Comweconso ndi akazi ndi ana a sukulu: nthabwala yonyoza imodzi, imene onse aimva nakhala cete, ikwanira kuwauza kuti malo ano si ao.

Bvuto lacitatu ndilo lolemera koposa. Nkhondo zambiri zimene asewera pa tebulo zinacitikadi, ndipo anthu enieni anafa. Ife a dziko lino tidziwa zimenezi. Nkhondo ya General von Lettow-Vorbeck, imene osewera ena aibwereza pa matebulo ao, inathera kwathu konkuno, pamene iye anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 November 1918. Ndipo amtengatenga osawerengeka anafa ndi njala ndi matenda ponyamula akatundu a nkhondoyo. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo ku Somaliland m'caka ca 1940 ndi ku Burma m'caka ca 1944. Tsono pa tebulo wina ayenera kutenga mbali ya adani, apo ai masewera palibe, ndipo kutero si kulakwa. Kulakwa kuyamba pamene munthu atamanda zoipa zimene mbaliyo inacita, kapena aseka anthu amene anaphedwa. Wokhala pakati ayenera kudziwa malire amenewa ndi kuwanena poyera lisanafike tsiku la mlandu.

Citsanzo ca masiku athu ano ndi ici. M'caka ca 2021, pa mpikisano waukuru ku Talavera m'dziko la Spain, wosewera wina anafika atabvala zizindikiro za cipani ca Nazi. Oyendetsa mpikisanowo anamlola kusewera, ndipo osewera ena anakana kukhala naye pa tebulo. Mbiriyo inamveka m'maiko ambiri. Mu November caka comweco kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, imene ipanga masewera ochuka a Warhammer, inalengeza kuti ali yense wofika m'masitolo ace kapena pa misonkhano yace atabvala zizindikiro za magulu a cidani adzauzidwa kuti acoke. Onani apa kuti wokhala pakati akakhala cete, si kuti sanasankhe mbali. Wasankha ndithu, pakuti osalakwa ndiwo acoka, natsala wolakwayo.

Kadzudzulidwe

Nanga wolakwa amdzudzula bwanji? Oyendetsa makalabu amene akhalitsa pa nchitoyi atsata njira imene makolo athu anaidziwa kale. Poyamba amtengera pambali ndi kulankhula naye awiri, pakuti munthu womcititsa manyazi pa gulu ateteza ulemu wace m'malo momva mau. Akabwereza, amcenjeza pamaso pa mboni. Akabwerezanso, amletsa kufika kwa nthawi. Ndipo kumcotseratu ndiko kotsiriza, kupatula ngati wacita cinthu coopsya monga kumenya mnzace kapena kuba. Malamulo a kalabu akhale ocepa, olembedwa, ndi odziwika kwa onse. Koposa zonse, lamulo likhale limodzi kwa amene anayambitsa kalabuyo ndi kwa amene anafika dzulo. Apa mpamene ambiri agwa, cifukwa nkobvuta kudzudzula bwenzi limene mwadya nalo zaka zambiri. Koma anthu akaona kuti wamkuru alekereredwa, cikhulupiriro cimatha, ndipo woweruza wopanda cikhulupiriro ali ngati ng'oma yong'ambika.

Wokhala pakatinso ali munthu, ndipo atopa. Kawirikawiri salandira malipiro, afika woyamba kudzayala matebulo, nacoka wotsiriza, ndipo masiku ena sasewera konse. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu yanzeru isankha anthu awiri kapena atatu kuti athandizane, kuti wina akakhala ndi mlandu ndi bwenzi lace, mnzace ndiye aweruze. Ndipo woweruza akalakwa, abvomere msanga pamaso pa onse, pakuti kutero kumuonjezera ulemu.

Abale anga, kapena ambiri a inu simudzagwira kamsilikali ka citsulo m'dzanja. Koma muli nao matimu a mpira, makwaya, mabungwe a maliro, ndi mabwalo a nsolo pansi pa mtengo. Mawa madzulo mukapita kumeneko, yang'anani ku khomo, muone ngati paima munthu amene palibe wamlonjera.