Chovala cha ninja sichilira telala

Amene anakulira m'matauni m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 sangaiwale mmene ana ankatulukira m'nyumba zoonetsera mavidiyo akuponya miyendo m'mwamba, aliyense akudzitcha ninja. Mafilimu a Sho Kosugi komanso American Ninja ya mu 1985 anasiya chidwi chomwe sichinazilale mpaka pano. Lero ana a anthu omwewo ndi amene akuumiriza makolo kuti awagulire chovala cha ninja, kaya n'cha paphwando la tsiku lobadwa kapena cha pa zisudzo za kusukulu.

Palibe chifukwa chothamangira kusitolo. Matisheti awiri akuda ndi thalauza yakuda za pakaunjika zakwana, ndipo singano simuigwira n'komwe.

Luso lonse lagona pa chophimba kumutu. Tengani tisheti imodzi, muitembenuze kuti zolembedwa zibisike. Mwana alowetse mutu ngati akuvala, koma aime nkhope ikangofika pabowo la khosi. Kokerani manja a tishetiyo kumbuyo kwa mutu n'kumanga mfundo yosathina. Kenako tsitsani m'mphepete mwa khosilo kuti muphimbe chipumi, ndipo mbali ya m'munsi muikwezere pamphuno. Atsala ndi maso okha. Mpatseni galasi adzione, muone mmene kayendedwe kasinthire nthawi yomweyo!

Tisheti inayo avale bwinobwino. M'chiuno mumange kansalu kofiira kong'amba ku chitenje chakutha, ndipo miyendo ya thalauza muilowetse m'masokosi. Lupanga mudule ku katoni, nyenyezi zoponya zikhale zamapepala. Ntchito yojambula ndi kupinda mumusiyire mwiniwake, chifukwa chimene mwana wapanga ndi manja ake amachikonda kuposa chogula.

Muli mkati momanga mfundo, muuzeni mwanayo kumene maninja anachokera. Kwawo ndi ku Japan, makamaka m'madera a Iga ndi Koka, ndipo anatchuka pa nthawi ya nkhondo zapachiweniweni za m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500. Ntchito yawo yaikulu inali ukazitape, choncho ankadzibisa povala ngati alimi, amalonda kapena ansembe oyendayenda. Mu 1581 mkulu wankhondo Oda Nobunaga anagonjetsa dera la Iga. Akatswiri ena a mbiri amati zakuda zimene tinazolowerazi zinachokera ku zisudzo za kabuki, kumene othandiza papulatifomu amavala zakuda thupi lonse kuti oonera aziwatenga ngati palibe.

Kusaonekako ndi kumene kumandidetsa nkhawa. Mwana wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto sangamuone kukayamba mdima. Ndiponso munthu wobisa nkhope akamazungulira kuseri kwa nyumba za eni usiku, anthu samuganizira zabwino. Nyengo yotentha ya mu Okutobala, nsalu yapamphuno izitsitsidwa pafupipafupi kuti apume ndi kumwa madzi. Nsungwi yosongola, waya ndi nyenyezi zodula ku chitini zisapezeke m'masewerawa, popeza diso silichedwa kuphulika.

Makolo, mumuveke mwanayo asangalale ndi anzake pabwalo masana, koma dzuwa likamalowa mumuvule chophimbacho.