NDANI ADZALIPIRA MTOLANKHANI? Mkangano wa Manyuzipepala ndi Makampani a Google ndi Facebook

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'mawa wa pa 18 February 2021 anthu a m'dziko la Australia anadzuka napeza kuti nkhani zonse za m'manyuzipepala ndi za nyumba zoulutsira mawu zazimiririka pa Facebook. Mkonzi sanathe kuikapo nkhani zake, ndipo wowerenga sanathe kutumizira mbale wake nkhani imene inamukhudza. Chitsekocho chinatsekedwa mwaphuma, kotero kuti pamodzi ndi manyuzipepala anatsekeredwanso masamba a ofesi yoona za nyengo, a madipatimenti ena a zaumoyo, a ozimitsa moto ndi a mabungwe othandiza ovutika, patangotsala masiku owerengeka kuti dzikolo liyambe kupereka katemera wa Covid-19. Nduna Yaikulu ya nthawiyo, Bambo Scott Morrison, inati mchitidwewo unali wodzikuza ndiponso wokhumudwitsa.

Chimene chinautsa mkwiyo wa kampaniyo ndi lamulo limene Nyumba ya Malamulo ku Canberra inali kukambirana, lofuna kuti Google ndi Facebook azilipira manyuzipepala chifukwa cha nkhani zooneka pa masamba awo. Mkangano umenewu sunathere komweko. Unawolokera ku Canada, ndipo wafika kale kwa anansi athu a ku South Africa. Tsono n'koyenera kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma, aumvetse kuyambira pa tsinde pake.

GWERO LA MKANGANO

Ambiri amayesa kuti nyuzipepala imayenda ndi ndalama zimene timapereka kwa mnyamata wogulitsa pamsewu. Ndalama zimenezo n'zofunika ndithu, koma chiyambire nyuzipepala zambiri zadalira kwambiri otsatsa malonda: masitolo, mabanki, ofuna antchito, ogulitsa nyumba ndi magalimoto. Iwowa ndiwo ankalipira mbali yaikulu ya malipiro a mtolankhani wokhala tsiku lonse m'bwalo la milandu kapena m'msonkhano wa khonsolo. Ku Australia timalonda ting'onoting'ono ta m'masamba akumapeto tinkabweretsa chuma chochuluka kotero kuti anthu anatitcha mitsinje ya golide.

Pamene intaneti inafalikira mitsinje ija inapatuka. Ofuna antchito anapita ku Seek, ogulitsa magalimoto ku Carsales, ndipo ogulitsa nyumba ku realestate.com.au. Malonda ena ambiri anapita kwa Google ndi Facebook, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wotsatsa malonda m'nyuzipepala amalipira tsamba limene aliyense aliona, wofuna ndi wosafuna yemwe. Koma Google amadziwa chimene munthu akufunafuna pa mphindi imeneyo, ndipo Facebook amadziwa msinkhu wake, dera lake ndi zimene amakonda. Motero wogulitsa nsapato angathe kulipira kuti malonda ake aonekere kwa okhawo amene akufuna nsapato, ndipo makompyuta amagulitsa malowo kwa wopereka mtengo wabwino m'kanthawi kochepera kuphethira kwa diso.

Nduna ya Zachuma ya Australia pa nthawiyo, Bambo Josh Frydenberg, inanena m'chaka cha 2020 kuti pa madola 100 aliwonse olipirira malonda pa intaneti m'dzikomo, madola 53 ankapita kwa Google, madola 28 kwa Facebook, ndipo ena onse ankagawana madola 19 otsalawo. Bungwe la Boma loona za mpikisano pa malonda, la ACCC, lotsogozedwa ndi Bambo Rod Sims, linafufuza nkhaniyi kuyambira 2017 mpaka 2019, nilipeza kuti pakati pa 2008 ndi 2018 manyuzipepala 106 a m'madera anatsekedwa, ndi kuti maboma ang'onoang'ono 21 anatsala opanda nyuzipepala yawoyawo ngakhale imodzi. Kumalo otere khonsolo imakhala pansi, nigawa ndalama za anthu, popanda wolemba zimene zanenedwa.

MBALI ZIWIRI

Eni manyuzipepala anati: ife ndife timalima, koma okolola ndi ena. Munthu amapita kwa Google podziwa kuti akapezako nkhani zoona, ndipo nthawi zambiri amangowerenga mutu ndi mizere iwiri yoyamba, osafika ku tsamba la mwini nkhaniyo.

Makampaniwo anayankha kuti iwo sakakamiza munthu. Manyuzipepala amaika okha nkhani zawo pa Facebook pofuna owerenga. Kampaniyo inati m'chaka cha 2020 inalozera owerenga ku manyuzipepala a ku Australia maulendo 5.1 biliyoni kwaulere, ndi kuti nkhani zinali zosakwana magawo 4 pa 100 a zimene anthu amaona pa masamba ake. Anakumbutsanso kuti mbali yaikulu ya golide uja inatengedwa ndi Seek ndi anzake, ndi kuti mwini wamkulu wa realestate.com.au ndi News Corp, kampani yomweyo ya Bambo Rupert Murdoch imene inali kulira kwambiri. Ngakhale Sir Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, analembera Nyumba ya Malamulo kudandaula kuti kulipiritsa munthu chifukwa cholozera mnzake ku tsamba lina kungagwedeze maziko a intaneti.

Woweruza wachilungamo ayenera kuvomera kuti mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo.

KODI NDI KUBA?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Lamulo la umwini wa zolembedwa limateteza mawu amene mlembi wasanja, koma chochitikacho chilibe mwini. Pangano la Berne la m'chaka cha 1886, limene Malawi analowamo mu 1991, monga lilili tsopano limanena poyera kuti nkhani wamba za tsiku ndi tsiku sizitetezedwa. Mtolankhani akalemba kuti mlatho wakokoloka, palibe wololedwa kukopera nkhani yake yonse nkuigulitsa, koma aliyense ali ndi ufulu wouza mnzake kuti mlatho wakokoloka, ndi kumulozera kumene angakawerenge zambiri.

Maiko a ku Ulaya anayesa kufutukula lamuloli kuti lifikire timizere toyamba tija. Germany anatero mu 2013, koma Google atachepetsa zimene ankaonetsa, owerenga anachepa, ndipo eni manyuzipepala anabwerera okha kukapereka chilolezo chaulere. Spain analetsa chilolezo chaulerecho mu 2014. Google anangotseka Google News m'dzikomo mu December chaka chomwecho, ndipo sanatsegulenso mpaka 2022. France anapeza kanthu, pakuti anaphatikiza lamulo la umwini ndi mphamvu za bungwe loona za mpikisano, limene linalipitsa Google chindapusa cha mayuro 500 miliyoni mu 2021 ndi mayuro 250 miliyoni mu 2024.

Motero nkhaniyi kwenikweni ndi ya msika umene uli m'manja mwa amalonda awiri, ndipo wogulitsa wamng'ono sangakambirane nawo mtengo. Nyuzipepala imodzi ikachoka pa Google, Google samva kanthu. Google akaichotsa nyuzipepalayo, iyo imafa.

NZERU YA AUSTRALIA

Australia anaona zimenezi, ndipo anaika lamulo lake m'malamulo a mpikisano pa malonda. Lamulolo linati Nduna ya Zachuma ikatchula kampani dzina, kampaniyo iyenera kukambirana ndi manyuzipepala. Akalephera kumvana, mbali iliyonse ipereke mtengo wake wotsiriza kwa amkhalapakati, amene ayenera kusankha umodzi mwa mitengo iwiriyo. Nzeru yake ndi yakuti wotchula mtengo wopanda nzeru, kaya wokwera kaya wotsika, amadziwa kuti mkhalapakati atenga wa mnzake.

Google anaopseza mu January 2021 kuti achotsa chofufuzira chake m'dziko lonselo. Microsoft, wopikisana naye, anafulumira kunena kuti Bing ali wokonzeka kulowa m'malo, ndipo posakhalitsa Google anayamba kusaina mapangano. Facebook anatseka chitseko monga tanenera, natsegula patapita sabata imodzi Boma litavomera kuti Nduna iziyamba yaona ngati kampani yapangana kale ndi manyuzipepala isanaitchule dzina. Lamulo linavomerezedwa pa 25 February 2021.

Chodabwitsa n'chakuti mapanganowo anapangidwa Nduna isanatchule kampani iliyonse. Chikoti chinagwira ntchito chili chopachikidwa pakhoma. Bambo Sims anayerekeza kuti mapanganowo ankabweretsa madola a ku Australia oposa 200 miliyoni pachaka. Koma zolakwika zinalipo. Mapanganowo anali achinsinsi. Gawo lalikulu linapita kwa akuluakulu monga News Corp, Nine ndi Seven West Media, pamene Facebook anakana kupangana ndi SBS ndi The Conversation. Manyuzipepala a kumidzi anapeza gawo lawo chifukwa ACCC inawalola kukambirana ali pamodzi pansi pa Country Press Australia.

Ndipo m'chaka cha 2024 Meta, kampani mwini wa Facebook, inalengeza kuti sidzasainanso mapanganowo akatha zaka zake zitatu. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Mu December chaka chomwecho Boma la Bambo Anthony Albanese linalengeza ganizo latsopano, lakuti makampani aakulu azilipira msonkho wapadera umene ungachepe ngati apangana ndi manyuzipepala.

CANADA NDI SOUTH AFRICA

Canada anatsata mapazi a Australia ndi lamulo lotchedwa Online News Act mu June 2023. Ulendo uno Meta sanabwerere m'mbuyo. Kuyambira August 2023 anatseka nkhani pa Facebook ndi Instagram m'dzikomo, mwezi womwewo umene moto wolusa unathamangitsa anthu pafupifupi 20,000 mumzinda wa Yellowknife. Nduna Yaikulu ya nthawiyo, Bambo Justin Trudeau, inadzudzula kampaniyo kuti ikuika phindu patsogolo pa chitetezo cha anthu. Google anavomera mu November 2023 kupereka madola a ku Canada 100 miliyoni pachaka. Ndalamazo n'zabwino, koma amene anapwetekedwa kwambiri ndi timanyuzipepala ting'onoting'ono timene owerenga ake ankatipeza kudzera pa Facebook. Walira mvula walira matope.

Ku South Africa bungwe la Competition Commission linayamba kufufuza mu October 2023. Mu February 2025 linapereka ganizo lakuti Google azilipira pakati pa R300 miliyoni ndi R500 miliyoni pachaka, ndipo mu November 2025 linalengeza kuti kampaniyo yavomera thandizo la R688 miliyoni kwa nyumba zofalitsa nkhani, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.

Mlandu wina wakula kale kuseri. Mu December 2023 nyuzipepala ya New York Times inasumira OpenAI ndi Microsoft, ponena kuti anagwiritsa ntchito nkhani zake pophunzitsa makina oyankha mafunso. Makina otere akamuyankha munthu zonse, iye sakhalanso ndi chifukwa chopitira ku tsamba la mwini nkhani.

PHUNZIRO KWA IFE

Tikasanthula zonsezi tiona kuti lamulo linagwira pamene kampani inali kufuna chinthu. Google analipira chifukwa chofufuzira chopanda nkhani n'cholumala, ndiponso panali wopikisana naye pakhomo. Meta anaona kuti anthu ake sachoka ngakhale nkhani zichotsedwe, motero anachoka pabwalo. Ngati Canada, dziko lolemera chotero, analephera kumubweza, dziko la msika waung'ono ngati lathu liyenera kuyenda mochenjera.

Choyamba, mutu umodzi susenza denga. Chimene chinapulumutsa manyuzipepala a kumidzi ku Australia ndicho chingathandize maiko ang'onoang'ono. Likulu la bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda lili ku Lilongwe konkuno, ndipo nkhani yotere ikakambidwa ndi maiko onse a m'chigawo pamodzi ingamveke kuposa mawu a dziko limodzi.

Chachiwiri chikukhudza inu a m'maofesi a Boma. Chenjezo la madzi osefukira, la kolera kapena tsiku la mayeso lisadalire tsamba limodzi limene kiyi wake ali m'thumba la kampani ya ku California. Wailesi, nyuzipepala, tsamba la ofesi yanu ndiponso mafumu akhalebe njira zofikira anthu.

Chachitatu n'cha ife tonse. Chizolowezi chotumizirana nyuzipepala yathunthu pa WhatsApp chimasiyana ndi kulozera mnzako kumene kuli nkhani. Kumeneko ndiko kukopera ntchito ya mwini popanda chilolezo, kumene lamulo lathu la Copyright Act la 2016 linaikidwa kuti lithane nako. Aphunzitsi, amene amalanga mwana wokopera mayankho a mnzake, ndiwo angathe kufotokozera ophunzira kusiyana kumeneku, ndi kuwazoloweza kufunsa kuti nkhani iliyonse yachokera kwa yani, ndipo anaitsimikiza ndani.

Nkhani yoona ili ndi mtengo wake. Wina ayenera kukwera basi, kukafunsa mbali zonse ziwiri, ndi kuyankha pamaso pa bwalo la milandu akalakwitsa. Kale mtengo umenewo ankausenza otsatsa malonda, ife osadziwa. Popeza iwo asamukira kwina, funso la wolipira mtolankhani latsala m'manja mwa opanga malamulo, eni manyuzipepala ndi owerenga, ndipo n'kwanzeru kuliyankha manyuzipepala athu akadali moyo.