Batman wa tinjerwa: luso limayamba kabuku ka malangizo kakaikidwa pambali

M'mwezi wa Novembala 2015, anthu a mumzinda wa Sydney ku Australia anakaona pachionetsero china galimoto ya Batman yotalika mamita oposa asanu, yomangidwa ndi tinjerwa ta pulasitiki ta LEGO pafupifupi theka la miliyoni. Anaimanga ndi Nathan Sawaya, bambo wa ku America yemwe anali loya ku New York mpaka mu 2004, pamene anasiya za malamulo n'kuyamba kudyera tinjerwati. Pachionetserocho, chomwe chinakafikanso ku London mu 2017, panali Superman, Wonder Woman, Joker ndi ena ambiri a m'mabuku a makatuni a kampani ya DC. Alipo amene akamva zoterezi amangopukusa mutu, amati ndi chibwana cha akuluakulu amene ndalama zawachulukira. Ine ndikuti kumanga ngwazi za m'makatuni ndi tinjerwa ndi luso lenileni, kungoti si aliyense wogwira tinjerwa amene walifikira.

Vuto loyamba la womanga ndi kanjerwa komweko. Kampani ya LEGO inayambitsidwa mu 1932 ku Billund, m'dziko la Denmark, ndi kalipentala Ole Kirk Christiansen, ndipo kanjerwa ka masiku ano kanalembetsedwa kuboma mu 1958: pamwamba timitu tozungulira, kunsi timapaipi togwira timitu ta kanzake. Ndi kanthu ka makona, kouma gwa, kosapindika. Koma za m'makatuni n'zokhotakhota zokhazokha: minofu yotupa, chinsalu cha kumsana chouluzika ndi mphepo, ulusi wa kangaude. Pamene Steve Ditko ankajambula Spider-Man mu 1962, ankatha kumusiya ali lendelende pakati pa nyumba ziwiri, pepala n'kuvomera. Womanga alibe mwayi umenewo, pakuti chimene wamanga chimalemera, ndipo chikasowa pogwira chimagwa. Ayenera kubisa mzati mkati mwa utsi kapena moto wa tinjerwa. Ayenera kugoneka tinjerwa cham'mbali kuti timitu tisatuluke pankhope, n'kusanja topyapyala pang'onopang'ono mpaka diso la woonerera litakhulupirira kuti phewa ndi lobulungira. Kuwonjezera apo, chithunzi chimaonetsa mbali imodzi yokha. Kuseri kwa nyumba, kunsi kwa galimoto ndi msana wa chigawenga wojambula sanazijambule, ndiye womanga ayenera kuziganiza yekha chifukwa anthu adzaizungulira ntchito yake. Akatswiri a masamu anapeza kuti tinjerwa 6 tofanana, ta timitu 8, tingalumikizidwe m'njira zoposa 915 miliyoni. Dzanja la mmisiri limaonekera pa njira imene wasankha ndi zimene wasiya.

Otsutsa amati zonsezi ndi kukopera basi, popeza Batman ali ndi eni ake ndipo womanga sanapeke kanthu. N'zoona kuti sanapeke Batman. Koma Superman anatuluka koyamba mu 1938, Batman mu 1939, ndipo kuyambira nthawiyo ojambula ambirimbiri akhala akuwajambulanso, aliyense mwa njira yake, popanda wowatcha okopera. Kwathu kuno mnyamata akapinda mawaya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhotetsadi matayala, sitimunyoza kuti wabera Toyota. Timayamikira kuti waya wamumvera. Muyezo womwewo ndi umene uyenera kugwira ntchito pa tinjerwa.

Pali chidandaulo china cholemera kuposa ichi, ndipo sichiyenera kuzembedwa. Ngwazi za m'makatuni zinalowa mu LEGO chifukwa cha malonda. Kampaniyi inayamba kugula chilolezo cha nkhani za ena ndi Star Wars mu 1999, inatsala pang'ono kugwa mu 2003 ndi 2004, kenaka inatulutsa Batman mu 2006 ndi gulu la ngwazi za makampani a makatuni a Marvel ndi DC mu 2012. Lero bokosi limabwera ndi zonse zoganiziridwa kale. La Daily Bugle, nyumba ya nyuzipepala ya m'nkhani za Spider-Man, linatuluka mu 2021 lili ndi tizidutswa 3,772 ndi malangizo osonyeza poika kalikonse. Munthu amene watsatira malangizowo mpaka tsamba lomaliza waphunzira kudekha, ndipo waona mmene akatswiri amalimbitsira khoma, koma luso limene lili patebulo pake ndi la wokonza mapulani wa ku kampani. Pamenepa otsutsa akunena zoona. Ngakhale okonda LEGO eni ake amasiyanitsa za m'bokosi ndi zimene munthu wadzipekera, ndipo pa zionetsero zawo zimene zimakoka khamu ndi zodzipekerazo.

Nanga za mtengo? Mabokosi amenewa ndi odula, ndipo banja limene likuvutika ndi fizi ndi feteleza silingawaganizire n'komwe. Komabe nkhani ya Preston Mutanga ikusonyeza kuti bokosi si khomo lokhalo. Mnyamatayu, yemwe makolo ake ndi ochokera ku Cameroon ndipo amakhala ku Canada, ali ndi zaka 14 anatenga kanema wamfupi wotsatsira filimu ya Spider-Man: Across the Spider-Verse n'kumupanganso chithunzi ndi chithunzi m'maonekedwe a LEGO. Anachita izi pakompyuta, ndi pulogalamu yaulere ya Blender. Akuluakulu a filimuyo, Phil Lord ndi Christopher Miller, ataiona ntchitoyo pa intaneti anamupatsa gawo loti akonze, ndipo gawolo lili mufilimu imene inatuluka mu 2023. Anayamba ndi kutsanzira, koma chimene anamulembera ntchito ndi diso lake pa kuwala ndi kayendedwe ka tizidole.

Ndipo luso likakhwima silikakamira pa ngwazi za ku America. Ekow Nimako, mmisiri wa ku Toronto amene kwawo kwa makolo ake ndi ku Ghana, amamanga ndi tinjerwa takuda. Ndi tizidutswa pafupifupi 100,000 anamanga Kumbi Saleh, mzinda wa ufumu wakale wa Ghana, monga momwe iye akuuonera m'chaka cha 3020, ndipo ntchitoyo ili ku Aga Khan Museum. Apa palibe kabuku kamene kanamutsogolera, ngakhale chithunzi choti akopere.

Choncho inu makolo amene mungakwanitse kugula tinjerwati, atsopano kapena ogwiritsidwa kale ntchito, musakhumudwe mwana akaphwasula chimene chili pachithunzi cha bokosi. Mulekeni amange kamodzi motsatira kabuku, kenaka kasungeni kabukuko, mumufunse kuti akumangireni nkhani imene iye akuidziwa.