CIKANDA: NDIWO YOCOKERA KU MALUWA A M'MAPIRI

Anthu ambiri a pa nchito m'mizinda ya Lusaka, Ndola ndi Kitwe amagula cikanda pa msika, osadziwa kuti ndiwoyi icokera ku maluwa amene akatswiri a zomera awayesa a mtengo wapatali. Ku Malawi ena acicha cinaka. Maluwawo Azungu awacha orchid, ndipo pa dziko lonse lapansi pali mitundu yace yokwana ngati 28,000.

Mitundu yambiri ya m'maiko otentha imera pa nthambi za mitengo, koma ya cikanda, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria, imera pansi, m'madambo ndi m'maudzu a m'mapiri ozizira. Pa Nyika pokha pali mitundu ya orchid yoposa 200.

Cimene anthu amadya ciri pansi pa nthaka. Comeraco cimasunga cakudya cace m'kamuzu konga kambatata. M'cilimwe masamba afota, ndipo moyo wonse utsala m'kambatatako kufikira mvula itagwanso. Caka ndi caka kakale kamafwapa, katsopano nikakula m'malo mwace. M'kati mwace muli cinthu cimene a sayansi acicha glucomannan, cimene cikalowa madzi cimatupa ndi kugwirana ngati ulimbo. Ndico cicititsa kuti ufa wace, pouphika pamodzi ndi nsinjiro, mcere, tsabola ndi cidulo kapena soda, ulimbe kufikira munthu acita kuudula ndi mpeni monga nyama.

Bvuto liri apa: wokumba kambatatako wapha comera conse. Ndipo kudzala cina si nchito yapafupi ai. Njere za orchid nzazing'ono ngati pfumbi, ndipo ziribe cakudya m'kati monga ciri naco cimanga kapena nyemba. Kuti njere imere, iyenera kukomana ndi timizu ta mtundu wina wa bowa wa m'nthaka, tiilowe ndi kuidyetsa. Anazindikira zimenezi ndi Mfalansa wina, Noël Bernard, m'caka ca 1899. Mu 1922 Lewis Knudson wa ku America anapeza njira yomeretsera njerezi m'mabotolo pozipatsa shuga, koma njirayi ifuna zipangizo zimene mlimi wa kumudzi alibe. Cifukwa cace cikanda ca pa msika cikumbidwa m'chire.

Kale cikanda cinali cakudya ca kumudzi, makamaka pakati pa Abemba ndi mitundu yoyandikana nao kumpoto kwa Zambia, ndipo amai ankakumba congokwanira pa banja. Pamene anthu anacuruka m'mizinda, ndiwoyi inasanduka malonda. M'malo ambiri a ku Zambia maluwawo anacepa, kotero amalonda anayamba kukagula ku Tanzania ndi maiko ena oyandikana. Mu 2003 akatswiri awiri, Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi, anaonetsa kuti timbatata pakati pa 2.2 ndi 4.1 miliyoni tinali kucoka m'mapiri a kumwera kwa Tanzania kulowa m'Zambia caka ciri conse. Mu 2005 boma la Tanzania linakhazikitsa Kitulo National Park, ndipo cifukwa cacikuru cinali kuteteza maluwa a pa phirilo.

Koma malamulo okha sangathe nkhaniyi, pakuti ambiri a okumba ndi amai ndi ana osauka, ndipo ndarama ya cikanda ndiyo igula sopo ndi makope a sukulu. Cimene cingathandize ndico kudikira kufikira maluwa atamwaza njere, kusiya zomera zina pa dambo liri lonse, ndi kupumitsa malo okumbidwa kwa zaka zingapo. Wa m'tauni amene akonda ndiwoyi ali nalo gawo lace, popeza ndarama yace ndiyo ituma khasu ku phiri. Madambo akatha maluwa, wokumba adzataya malonda ace, ndipo wogula sadzacionanso cikanda pa msika.