Nyemba zokoma, nkhuni zochepa

Ikangofika Epulo, misika ya Mponela, Madisi, Chezi ndi Malomo imadzaza ndi nyemba. Mavenda amapachika masikelo awo m'mitengo, ndipo alimi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amatsika ndi matumba panjinga. Koma pofika Ogasiti, khomo lomwelo lomwe linakolola limayamba kugula nyemba za pakambale, pamtengo wokwera kuposa umene linagulitsira.

Zoti mlimi amafuna ndalama ya fizi ndi yobwezera ngongole ya feteleza palibe angatsutse. Komabe pali zifukwa zina ziwiri zimene nyemba zimatulukira msanga pakhomo. Choyamba, amai amadandaula kuti mphika umodzi wa nyemba umatha mtolo wa nkhuni, pamene nkhuni masiku ano zili kutali ndipo m'nkhalango ya Ntchisi munthu salowa ndi nkhwangwa mwachisawawa. Chachiwiri, ambiri a ife amene tinagonera kusukulu tinazitopa. Tikamva za nyemba timakumbukira msuzi wamadzimadzi woyandama anankafumbwe, ndiye timaziyesa ndiwo ya tsiku losowa.

Kutaya kwake nkwakukulu. Magalamu 100 a nyemba zouma ali ndi magalamu pafupifupi 22 a chakudya chomanga thupi, ndipo chomwe chimaperewera mu nsima ya chimanga chimapezeka mu nyembazo. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira. Banja la anthu 6 lodya theka la kilogalamu katatu pamlungu lifunika makilogalamu 78 pachaka, ndiye kuti thumba limodzi ndi theka. Limenelo lisaone sikelo ya venda.

Kulimba kumayambira m'thumba

Nyemba zongokolola kumene zimapsa msanga, izi aliyense akudziwa. Zomwezo zikakhala miyezi 6 kapena 8 zimasanduka miyala. Chimachitika nchakuti nyemba zikasungidwa pamalo otentha ndi achinyezi, kaulimbo kamene kamagwirizitsa mnofu wa nyemba kamauma mwakuti madzi owira amalephera kukasungunula. Zikafika pamenepo ngakhale mutasonkhezera tsiku lonse, zimangosweka khungu koma m'kati muli gwa.

Choncho thumba lodya pakhomo lisakhale m'khitchini pafupi ndi moto, kapena pansi penipeni pa malata. Yanikani nyemba mpaka ziziti "khe" mukaluma, kenaka muziike m'chipinda chozizira, pamwamba pa mitengo kuti zisakhudze dothi. Ife a kumapiri tili ndi mwai pamenepa chifukwa nyengo yathu njozizira kusiyana ndi ku Salima kapena ku Nkhotakota.

Anankafumbwe nawo amaononga kakomedwe, pakuti fungo lawo silichoka ndi anyezi. Makolo ankasakaniza nyemba ndi phulusa losefa nkuzitsekera mumtsuko womata. Lero kuli matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati, omwe amapha tizilombo pozimana mpweya popanda mankhwala. Amene mwathira Actellic tsatirani zolembedwa pabotolo ndipo tsukani nyembazo bwinobwino musanaphike. Mbewu yogula yopaka mankhwala amtundu ndi yobzala basi, isalowe mumphika ngakhale njala itavuta chotani.

Mtundu wa nyemba nawonso uli ndi mbali yake. Sukulu ya Bunda idatulutsa mitundu monga Nasaka, Kanzama, Namajengo ndi Sapelekedwa mu 1980, kenaka Kalima mu 1993. A ku Chitedze, mogwirizana ndi bungwe la CIAT la ku Colombia, adatulutsa Napilira, Maluwa, Nagaga, Sapatsika, Mkhalira ndi Kambidzi cha m'ma 1995, ndipo Kholophethe ndi Kabalabala zidabwera mu 2002. Pambuyo pake kudabweranso NUA 45, imene ili ndi mchere wambiri woonjezera magazi. Kwa ine, pa msuzi wokandapala Napilira ndi Kholophethe sizilephera. Alimi ambiri kuno amabzala mitundu yosakaniza, ndipo kumunda ndi nzeru ndithu, chifukwa matenda akagwira mtundu umodzi wina umapulumuka. Koma mumphika kasakaniza amavuta: zing'onozing'ono zimaphwanyika zikuluzikulu zisanapse. Patulani palichero, si ntchito ya ola lathunthu ai.

Vikani usiku

Chinthu chimodzi chimene chingapulumutse nkhuni zambiri ndi kuviika. Sankhani nyemba madzulo, tsukani, ndipo muziviike m'madzi okwana makapu 3 pa kapu iliyonse ya nyemba kwa maola 8 mpaka 12. Thiranimo supuni yaing'ono ya mchere. Ndikudziwa kuti ambiri adaphunzitsidwa kuti mchere umalimbitsa nyemba, koma zoona zake nzakuti mchere wa m'madzi oviikira umafewetsa khungu. Chimene chimalimbitsa nyemba ndi zowawasa monga matimati, komanso madzi a mijigo ina omwe sachititsa thovu sopo. Ngati mjigo wanu ndi wotere, phikirani madzi a mvula kapena a pachitsime china chotetezedwa.

Mmawa tayani madziwo, kapena kathirireni mpiru kuseri kwa nyumba. Amatenga gawo la shuga uja amene amatupitsa mimba ndi kuchititsa manyazi pagulu. Mu Okutobala, kukamatentha, musapitirire maola 12 chifukwa nyemba zimayamba kusasa.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Kuno kumtunda madzi amawira asanatenthe kwenikweni. M'mphepete mwa nyanja amawira pa madigiri 98, pamene m'mapiri athu amawira pa 95 kapena 96. Nchifukwa chake mphika wosavundikira ndi mdani wa nkhuni. Vundikirani ndithu, ndipo madzi oonjezera akhale otentha, osati ochokera mumtsuko.

Mphindi 10 zoyamba nyemba ziwire mwamphamvu. Izi nzofunika makamaka pa nyemba zofiira, popeza zili ndi kapoizoni kamene kamasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo kamatha pokhapokha zikabwata kwambiri. Mukatero chepetsani moto. Nyemba zoviika za chaka chomwecho zimapsa pa ola limodzi kapena ola ndi theka, ndipo pa Chitetezo Mbaula nkhuni zitatu kapena zinai zimakwana.

Amai opita kudimba angachite motere: wiritsani kwa mphindi 30, phulani mphika uli chivundikirire, ukulungeni ndi chitenje chakale, ndipo muuike m'dengu lodzaza udzu wouma kapena utuchi, pamwamba bulangete. Pobwerako masana mupeza zafewa. Ziwiritseninso pang'ono musanakazinge.

Nanga soda ndi chidulo? Zimafewetsa msanga, nzoona. Koma zimapha vitamini B1 ndipo zikachuluka nyemba zimamveka sopo m'kamwa. Ine ndingalole kachidulo pang'ono pa nyemba zogonera chaka zokha, zimene zakana njira zina zonse.

Msuzi ugwire

Apa ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yonse. Amathira matimati, anyezi ndi mafuta nthawi imodzi m'madzi a nyemba, mafuta nkumayandama okha, msuzi uli mbee.

Pa makapu 2 a nyemba zouma tengani anyezi mmodzi wamkulu, matimati 3 akupsa bwino ndi masupuni 2 kapena 3 a mafuta. Nyemba zikapsa mwakuti zikuphwanyika pakati pa zala, kazingani anyezi mupoto wina pamoto wochepa mpaka afiirire. Musathamange. Kukoma konse kuli pamenepa. Thirani matimati ndipo atibuke mpaka mafuta ayambe kuoneka pamwamba. Kenaka tapani chipande chimodzi cha nyemba, ziphwanyeni ndi mthiko m'matimatimo, ndipo mukhuthuliremo zotsalazo pamodzi ndi madzi ake ophikira. Zibwate pang'onopang'ono kwa mphindi 15. Nyemba zophwanyazo ndizo zimagwiritsa msuzi, sipafunika ufa kapena zonunkhiritsa za m'sitolo. Kambuzi mmodzi wathunthu, wosadula, amapereka fungo popanda kuliza ana. Muchotseni popakula.

Mafuta akasowa musadandaule, Dowa ndi Ntchisi ndi kwawo kwa mtedza. Sinjani Chalimbana kapena CG7, sungunulani masupuni 4 a nsinjiro m'madzi ofunda, thirani pamwamba pa nyemba zakupsa zimene mwaikamo kale matimati, ndipo muvundikire kwa mphindi 5 musanatakase. Kenaka zipse mphindi 10 kuti nsinjiro isamveke yaiwisi. Mtedza wonyala, wowawa kapena wachuku tayani, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi moto ndipo amaononga chiwindi.

Anzathu a ku Burundi ndi Rwanda, amene ena a iwo akhala ku Dzaleka kuyambira pomwe kampu idatsegulidwa mu 1994, nyemba amadya pafupifupi tsiku lililonse osatopa nazo, chifukwa saziyesa ndiwo ya nsima yokha. Amaziphika mumphika umodzi ndi nthochi zaziwisi, chinangwa kapena mbatata. Ife tili ndi kachewere wambiri m'mapiri muno. Dulani kachewere kapena dzungu zidutswa zikuluzikulu, ponyani m'nyemba kutatsala mphindi 20 kuti muphule, ndipo chakudya chamasana chakwana popanda kupita kuchigayo.

Chipere ndi khwanya

Chipere chikuiwalika, ndipo nzomvetsa chisoni chifukwa palibe ndiwo ya nyemba yoposa imeneyi kwa mwana, wodwala kapena agogo amene mano adatha. Nyemba zoviika usiku zifikiseni m'manja kuti makoko achoke, thirani madzi ambiri ndipo makokowo ayandama. Ena amayamba azikazinga pang'ono, nkuzipera pamphero ndi kupeta. Njira yachiwiriyi imanunkhiritsa bwino. Zikakhala zopanda makoko zimapsa msanga kwambiri. Zitakaseni ndi mthiko mpaka zisalale ngati phala, thirani mchere, matimati ndi kamafuta kapena nsinjiro. Nyemba zing'onozing'ono zoyera monga Kabalabala zimachita bwino pa chipere, ngakhalenso zosweka pomenya, zomwe venda amazikana.

Mwana amene wakwana miyezi 6 mungamusakanizire masupuni 2 a chipere chopanda tsabola m'phala la mgaiwa, uku akuyamwabe. Mchere woonjezera magazi wa mu nyemba umalowa bwino m'thupi ukatsagana ndi matimati, gwafa kapena madzi a ndimu, pamene tiyi amautsekereza. Amai oyembekezera adikire ola limodzi atadya asanamwe tiyi.

Munda wa nyemba umayamba kudyetsa banja usanakhwime. Khwanya amathyoledwa nyemba zisanachite maluwa, tsamba limodzi kapena awiri anthete paphando lililonse. Mukakolopola masamba onse mwadya zokolola zanu. Khwanya safuna madzi ambiri kapena moto wautali: matimati, mchere, nsinjiro, basi. Wotsala mfutseni pomuwiritsa pang'ono ndi kumuyanika pamthunzi podutsa mphepo, kuti asataye mtundu wake, ndipo adzakuombolani mu Okutobala madimba akauma. Pambuyo pa khwanya pamabwera zitheba, kenaka nyemba zaziwisi zosola m'makoko achikasu cha mu Marichi. Zimenezi sizifuna kuviika, zimapsa pa mphindi 30 kapena 40, ndipo zimafika nthawi imene nkhokwe zambiri zili pululu.